Mphunzitsi amene sanasewerepo mu ligi yaikulu: Brian Snitker ndi maligi ang'onoang'ono a baseball

Pa 2 Novembala 2021, mumzinda wa Houston ku America, timu ya Atlanta Braves inagonjetsa Houston Astros 7–0 ndipo inatenga chikho cha World Series, chomwe ndi chikho chachikulu kuposa zonse m'masewero a baseball. Braves inali isanachitengenso chikhochi chitengereni mu 1995. Amene ankatsogolera timuyi anali a Brian Snitker, bambo a zaka 66, omwe sanasewerepo ngakhale tsiku limodzi mu ligi yaikulu. Iwo anasewera zaka zinayi zokha m'maligi ang'onoang'ono, kenaka anauzidwa kuti luso lawo lathera pomwepo, ndipo zaka 35 zotsatira anazithera pa uphunzitsi, zambiri mwa izo m'timatauni ta kummwera kwa America, asanapatsidwe timu yaikulu kuti aitsogolere.

Munthu wozolowera mpira wamiyendo akamva nkhani ngati iyi amasokonezeka, chifukwa mawu oti ligi yaing'ono, mphunzitsi ndi kukwezedwa ali ndi matanthauzo ena mu baseball. Kuti mbiri ya a Snitker imveke, tiyenera kuyamba taona mmene masewerowa anakonzedwera, chifukwa dongosolo lomwe linawakana ngati wosewera ndi lomwelo lomwe linawaumba kukhala mphunzitsi.

Masewerowo mwachidule

Timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu ndi anayi m'bwalo. Woponya amaima pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 18 kuchokera kwa womenya, ndipo amaponya mpira wolimba wokwana m'dzanja pa liwiro lomwe mu ligi yaikulu nthawi zambiri limafika makilomita 150 pa ola. Womenya akaugunda mpirawo ndi ndodo yake amathamanga kuzungulira malo anayi opondapo, ndipo akabwerera pamene anayambira asanatulutsidwe ndi timu yoponyayo, timu yake imapeza pointi imodzi. Kumbuyo kwa womenya kumanyonyomala wowakha, atavala zodzitetezera kunkhope, pachifuwa ndi m'miyendo. Matimu awiriwo amasinthana kumenya ndi kuponya kasanu ndi kanayi.

Kumenya mpira wotere n'kovuta kwambiri, mwakuti womenya amene wapambana katatu pa maulendo khumi amawerengedwa kuti ndi katswiri. Ligi yaikulu, Major League Baseball, ili ndi matimu 30, ndipo mwa amenewa 29 ali ku America pamene imodzi ili ku Toronto m'dziko la Canada. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka ndipo imaloledwa kukhala ndi osewera 26 okha okonzeka kulowa m'bwalo.

Maligi ang'onoang'ono ndi chiyani?

Mu mpira wamiyendo, kaya ku England kaya mu Super League ya ku Malawi, timu ikachita bwino mu ligi yapansi imakwera yonse pamodzi, ndipo ikalephera mu ligi yapamwamba imatsika. Mu baseball sizitero ayi. Timu ya mu ligi yaing'ono ikhoza kupambana chaka ndi chaka koma sidzakwera, chifukwa amene amakwera ndi kutsika ndi wosewera payekha. Timu iliyonse ya mu ligi yaikulu ili ndi matimu ake anayi apansi, osanjikizana ngati makwerero: pansi pali Single-A, kenaka High-A, Double-A, ndipo pamwamba penipeni pali Triple-A. Pansi pa anayiwa palinso maligi a ongoyamba kumene, omwe amaseweredwa ku Arizona, ku Florida ndi ku Dominican Republic. Eni ake a matimu apansiwa amayang'anira bwalo, matikiti ndi malonda, koma osewera ndi aphunzitsi amalembedwa ntchito ndi kulipidwa ndi timu yaikulu, yomwenso imalamula kuti uyu akwere, uyu atsike, uyu achotsedwe.

Kale sizinali choncho. Maligi ang'onoang'ono anapanga bungwe lawo mu 1901, ndipo matimu ake anali odziimira paokha. Ankapeza ndalama pogulitsa osewera awo abwino kwa timu yaikulu yomwe yapereka mtengo wokwera. Branch Rickey, yemwe ankayendetsa St. Louis Cardinals, anaona kuti timu yake singapikisane pa ndalama ndi matimu olemera a ku New York, motero m'zaka za m'ma 1920 anayamba kugula matimu ang'onoang'ono kuti azidzilerera yekha osewera. Cardinals inatenga World Series mu 1926 ndipo matimu ena anatengera njirayi. Mkulu wa baseball pa nthawiyo, Kenesaw Mountain Landis, ankadana nayo ponena kuti ikutsekereza anyamata ambiri m'manja mwa timu imodzi, ndipo mu 1938 anamasula osewera oposa 70 a Cardinals, komabe dongosololo linapitirira. Pofika 1949 kunali maligi 59 okhala ndi matimu oposa 400, mpaka wailesi yakanema itayamba kuonetsa masewero a ligi yaikulu m'nyumba za anthu, mabwalo a m'matauni ang'onoang'ono anayamba kukhala opanda anthu ndipo maligi ambiri anatha. Kusintha kwina kwakukulu kunachitika mu 2021, pamene Major League Baseball inatenga ulamuliro wonse ndi kuchepetsa matimu apansi kuchoka pa 160 kufika pa 120.

Makwererowa ndi aatali, ndipo ambiri amene amayamba kukwera safika pamwamba. Gift Ngoepe wa ku South Africa anasaina ndi Pittsburgh Pirates mu 2008, ndipo anadikira mpaka pa 26 Epulo 2017 kuti asewere koyamba mu ligi yaikulu, kukhala wosewera woyamba wa ku Africa kuno kufika pamenepo. Iyenso atasiya kusewera analowa uphunzitsi m'matimu apansi a Arizona Diamondbacks.

Malipiro ndi moyo wa wosewera wapansi

Pa nkhani ya malipiro ndi pamene pakhala mkangano waukulu. Kwa zaka zambiri wosewera wa mu ligi yaing'ono ankalipidwa m'miyezi ya masewero yokha. Zokonzekera za kumayambiriro kwa chaka ankazichita popanda malipiro, ndipo nyengo ikatha ankakasaka ganyu. Anyamata ankagona asanu kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi yaing'ono, ena ankasungidwa ndi mabanja okonda masewerowa, ndipo ulendo wa kumasewero unali wa basi, nthawi zina usiku wonse. Eni matimu ankati osewerawa ali ngati ophunzira ntchito, ndipo phindu lawo lenileni ndi mwayi wodzafika mu ligi yaikulu, kumene malipiro otsikitsitsa mu 2023 anali madola 720,000 pa chaka. Osewera ankati iwo ndi antchito ngati wina aliyense, popeza timu imawalamula zochita chaka chonse.

Mu 2014 Aaron Senne ndi anzake ena omwe anasewerapo m'maligi apansi anakasuma kukhoti, mothandizidwa ndi loya Garrett Broshuis, yemwenso anali woponya mpira m'maligi omwewo. Mlandu usanathe, mu 2018 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo lotchedwa Save America's Pastime Act, lomwe linachotsa osewerawa pa chitetezo cha malamulo a dziko okhudza malipiro a maola owonjezera. Mu 2022 Major League Baseball inavomera kulipira madola 185 miliyoni kuti mlandu wa Senne uthe, inayamba kupereka nyumba kwa osewera ambiri, ndipo chaka chomwecho osewera apansi analowa m'bungwe loimira osewera a ligi yaikulu. Mgwirizano wawo woyamba, wa mu 2023, unakweza malipiro otsikitsitsa a mu Single-A kuchoka pa madola 11,000 kufika pa 26,200 pa chaka, ndipo a mu Triple-A kuchoka pa 17,500 kufika pa 35,800.

A Snitker anasewera zonsezi zisanachitike, ndipo zaka zawo zambiri za uphunzitsi anazithera pakati pa anyamata okhala m'moyo woterewu.

Zaka zinayi za kusewera, ndi Hank Aaron

A Brian Snitker anabadwa pa 17 Okutobala 1955 ku Decatur m'chigawo cha Illinois, ndipo anakulira m'katauni ka Macon pafupi ndi pomwepo. Ataphunzira ndi kusewera pa University of New Orleans, anasaina ndi Braves mu 1977 ngati wowakha. Sanali wosewera woipa, chifukwa pa maulendo anayi alionse omenya ankapambana kamodzi, koma m'dongosolo lomwe timu yaikulu imangofuna owakha awiri kapena atatu, zimenezo sizinali zokwanira. Mu 1980 kusewera kwawo kunatha.

Amene ankayang'anira matimu apansi a Braves nthawi imeneyo anali Hank Aaron, mmodzi mwa osewera otchuka kwambiri m'mbiri ya baseball, yemwe pa 8 Epulo 1974 anaphwanya mbiri ya katswiri wakale Babe Ruth pa kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa bwalo, ndipo anamaliza atachita zimenezi maulendo 755. Aaron ndi amene anawauza a Snitker kuti sadzaseweranso, ndipo ndi yemweyo amene anawapatsa ntchito ya mphunzitsi woyendayenda m'matimu apansi. Mu 1982, ali ndi zaka 26, anapatsidwa timu yawoyawo ku Anderson m'chigawo cha South Carolina, kutsogolera anyamata osiyana nawo zaka zochepa chabe. Ndikuona kuti pamenepa ndi pamene pali phata la nkhani yonse: munthu amene ntchito yake inali yosankha osewera anayang'ana mnyamata amene walephera pa muyeso umodzi, n'kuona kuti ali ndi mphatso ina yomwe muyesowo sukuiwerenga.

Mphunzitsi mu baseball amachita chiyani?

Timu ya baseball imakhala ndi aphunzitsi angapo, aliyense ndi gawo lake. Wamkulu wa onse ndi amene amamutcha manager: iye amasankha osewera a tsiku limenelo ndi ndondomeko yomenyera, amaganiza nthawi yochotsa woponya amene watopa, ndipo amavala yunifolomu ngati osewera ake. Pansi pake pali mphunzitsi wa oponya, wa omenya, wothandizira pa benchi, woyang'anira oponya olowa m'malo, komanso awiri amene amaima m'bwalo momwe pamene timu yawo ikumenya. Kugula ndi kugulitsa osewera si ntchito yake, koma ya mkulu wa mu ofesi amene amamutcha general manager.

Taonani ntchito ya mphunzitsi woima pafupi ndi malo achitatu opondapo, yomwe a Snitker anaigwira ku Atlanta kuyambira 2007 mpaka 2013. Mpira usanaponyedwe, iye amagwira chipewa, mphuno, lamba, mkono, motsatizana ndiponso mofulumira, ndipo m'kati mwa zizindikiro zonsezo muli chimodzi chokha chomwe chikuuza womenya ndi wothamanga zochita. Zinazo n'zosocheretsa adani. Mpira ukamenyedwa kutali, wothamanga amabwera ali pa liwiro ndipo sangatembenuke kuti aone kumene mpira uli. Mphunzitsiyo ayenera kuyeza, m'kanthawi kochepa zedi, liwiro la wothamanga wake, mphamvu ya mkono wa amene watola mpira, ndi mmene masewero alili, kenaka azungulitse mkono kuti mnyamatayo apitirire kukagoletsa kapena akweze manja onse awiri kuti aime. Akalondola palibe amene amamutchula, koma wothamanga akatulutsidwa bwalo lonse limaona amene anazungulitsa mkono.

Mu ligi yaing'ono ntchito ya manager ndi yosiyana, chifukwa kupambana si chinthu choyamba chomwe mabwana ake amayang'ana. Wosewera wake wabwino kwambiri akhoza kutengedwa pakati pa nyengo chifukwa wakhwima, ndipo zikatero ndiye kuti mphunzitsiyo wagwira ntchito yake. Nthawi zina amalamulidwa kuseweretsa tsiku lililonse mnyamata amene akulephera, chifukwa timu yaikulu inawononga ndalama zambiri pomusaina. Masana amaponyera osewera mpira kuti ayesere kumenya, usiku masewero akatha amalemba lipoti la mmene aliyense wachitira, ndipo ndi iye amene amaitanira mnyamata mu ofesi kukamuuza kuti wakwezedwa kapena kuti alongedze katundu wake azipita kwawo. Mphunzitsi amene anamvapo mawu achiwiriwa akulankhulidwa kwa iye mwini amadziwa kulemera kwake.

Si mwangozi kuti aphunzitsi ambiri anali owakha. Wowakha ndi wosewera yekhayo amene amayang'ana bwalo lonse kutsogolo kwake, ndipo mwamwambo ndi iye amene amasankha mtundu wa mpira woti uponyedwe, posonyeza ndi zala zobisika pakati pa ntchafu, ngakhale kuyambira 2022 ligi yaikulu inalola kachipangizo kamagetsi kotumizira uthengawo. Ayenera kudziwa zofooka za womenya aliyense wa adani, ndiponso khalidwe la woponya aliyense wa timu yake, wina wofuna kulimbikitsidwa, wina wofuna kudzudzulidwa. Jim Leyland, yemwe anatenga World Series ndi Florida Marlins mu 1997, ndi Joe Maddon, yemwe mu 2016 anathetsa zaka 108 zomwe Chicago Cubs inakhala yopanda chikho, onse anali owakha omwe sanafikepo mu ligi yaikulu. Earl Weaver wa Baltimore Orioles, ngwazi ya mu 1970, sanali wowakha koma nayenso anathera m'maligi apansi.

Kudikira kwa zaka 35

Mndandanda wa malo amene a Snitker anaphunzitsa ndi wautali: Durham, Macon, Danville, Myrtle Beach, Greenville, Mississippi, Richmond ndi ena. Anakwerapo kukakhala mphunzitsi wothandizira ku Atlanta mu 1985 komanso kuyambira 1988 mpaka 1990, koma ulendo uliwonse anabwezedwa pansi. Osewera monga Brian McCann ndi Jeff Francoeur anadutsa m'manja mwawo popita ku ligi yaikulu. Nyengo ya 2013 itatha, pambuyo pa zaka zisanu ndi ziwiri ali pa malo achitatu ku Atlanta, anachotsedwanso n'kutumizidwa kukatsogolera timu ya Triple-A ku Gwinnett. Anali ndi zaka 58, msinkhu womwe ambiri amaona kuti mwayi wa timu yaikulu wapita.

Pa 17 Meyi 2016, Braves itapambana masewero 9 okha mwa 37 oyambirira, inachotsa Fredi González n'kuitana a Snitker kuti agwirizire. Timuyo inasintha, osewera akuluakulu monga Freddie Freeman anaonetsa poyera kuti akufuna kuti bambowa apitirize, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anapatsidwa ntchitoyo mokhazikika. Mu 2018 anasankhidwa kukhala manager wopambana mu National League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu, ndipo timu yawo inatsogola m'gulu lake zaka zisanu ndi chimodzi motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023.

Chikho cha 2021 sichinali ntchito ya munthu mmodzi. Katswiri wa timuyi, Ronald Acuña Jr., anavulala bondo mu Julayi, ndipo mkulu wa mu ofesi, Alex Anthopoulos, anabweretsa osewera angapo atsopano, kuphatikizapo Jorge Soler ndi Eddie Rosario, omwe anadzachita zazikulu m'masewero omaliza. Braves inapambana masewero 88 okha m'nyengo yonse, ochepa kuposa matimu ena onse amene analowa m'ndime yomaliza. Ku benchi ya Astros kunali mwana wawo wa a Snitker, Troy, yemwenso anali wowakha m'matimu apansi a Braves asanakhale mphunzitsi wa omenya ku Houston. Hank Aaron sanachione chikhochi, chifukwa anamwalira pa 22 Januwale chaka chomwecho. Mu Okutobala 2025 a Snitker anatula pansi udindo wawo, atakhala zaka 49 m'bungwe limodzi la Braves, ndipo anatsala ngati mlangizi. M'malo mwawo munalowa Walt Weiss, yemwe anali wothandizira wawo pa benchi.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso loyamba n'lakuti, kodi njira imeneyi ikadali yotseguka? Matimu 40 apansi atachotsedwa mu 2021, malo a osewera ndi aphunzitsi anachepa, ndipo kusankha osewera atsopano kuchokera m'sukulu, komwe kale kunali ndi ndime 40, tsopano kuli ndi ndime 20 zokha. Ochirikiza kusinthaku amati osewera ochepa amasamalidwa bwino, amalipidwa bwino ndipo amasewera pa mabwalo abwino. Otsutsa amati osewera amene akusiyidwa ndi omwe aja osatchuka, amene kale ankakhala zaka zitatu kapena zinayi akuphunzira masewerowa kenaka n'kusanduka aphunzitsi, ndiponso kuti matauni ambiri ataya timu yomwe inali pafupi nawo.

Lachiwiri likukhudza chidziwitso chomwe matimu akufuna kwa mphunzitsi. Masiku ano makamera ndi makompyuta amayeza kuzungulira kwa mpira uliwonse ndi liwiro la ndodo, ndipo matimu akulemba ntchito anthu odziwa kuwerenga ziwerengero zimenezi ngakhale sanasewerepo baseball yolipidwa. Cincinnati Reds inalemba Kyle Boddy, mwini wa malo ophunzitsira a Driveline Baseball, mu 2019. Rachel Balkovec anakhala mayi woyamba kutsogolera mokhazikika timu ya mu ligi yaing'ono pamene anapatsidwa Tampa Tarpons mu 2022. Ndipo mu Okutobala 2025 San Francisco Giants inatenga Tony Vitello mwachindunji kuchokera ku timu ya University of Tennessee kuti akhale manager wake. Matimu ena amasankha wosewera wakale wa ligi yaikulu amene sanatsogolerepo timu, monga mmene New York Yankees inachitira ndi Aaron Boone mu Disembala 2017. Anthu sanagwirizanebe ngati zaka zambiri za m'mabasi ndi m'mabwalo ang'onoang'ono zimapatsa mphunzitsi chinthu chomwe ziwerengero sizingapereke, komanso kuti ndi gawo lalikulu bwanji la kupambana kwa timu lomwe limachokera kwa manager, popeza zosankha zambiri tsopano zimakambidwa ndi a mu ofesi masewero asanayambe.

Lachitatu ndi la aphunzitsi eni ake. Mgwirizano wa 2023 unakhudza osewera, osati aphunzitsi a m'maligi apansi, omwe ambiri amagwira ntchito pa kontrakiti ya nthawi yochepa ndipo amakhala miyezi yambiri kutali ndi mabanja awo. Pa mphunzitsi mmodzi amene waitanidwa ku ligi yaikulu ali ndi zaka 60, alipo ambiri amene amapuma asanaitanidwe. Mgwirizano wa osewera udzatha nyengo ya 2027 ikadzatha, ndipo zokambirana za nthawi imeneyo zidzayenera kuonanso chiwerengero cha matimu apansi, chiwerengero cha osewera amene timu iliyonse ingasunge, ndi malipiro awo.